Kadontho Kalibe Dzina Mpaka Klefu Atakatcha

Madzulo ena, kwaya yathu ikuphunzira nyimbo ya pa Khirisimasi, mnyamata wa pa kiyibodi anabwera ndi pepala lomwe anapatsidwa m'tauni. Silinali la solofa ngati amene tinazolowera aja, a d, r, m ndi timadontho tiwiritiwiri pakati. Linali la mizere isanuisanu. Sopulano anaimenya bwinobwino. Atafika pa besi, zinthu zinavuta: azibambo akuimba mokhulupirika zomwe akumva pa kiyibodi, koma mawu awo akukanana ndi a amayi. Tinabwereza katatu. Kenako mkulu wina, amene analizapo lipenga mu bandi zaka zambiri, anavala mandala, nasuzumira pepalalo, naloza kumanzere kwenikweni kwa mizere yam'munsi.

"Mwanawe, uyu wam'lonjera?"

Mnyamatayo ankawerenga mizere ya besi ngati ya sopulano. Chizindikiro choima pakhomo pa mizere, chimene oimba amachitcha klefu, anangochidutsa poyesa n'chokongoletsa pepala.

Sindimuimba mlandu, chifukwa ambiri tinaphunzitsidwa choncho. Tinauzidwa kuti mzere uwu ndi E, uwu ndi G, ngati kuti mayinawo anabadwa nawo. Chikhalirecho mizere isanu payokha siinena kanthu kupatula kuti apa n'pokwera, apa n'potsika. Tayesani kuika kadontho pa mzere wapakati. Klefu wa sopulano akakhala pakhomo, kadonthoko ndi B. Akakhala wa besi, ndi D. Woliza viola, amene klefu wake ndi winanso, akaitana kuti C, pamene woliza cello akakwera m'mwamba n'kusinthira ku klefu wa tena, kadontho komweko kasanduka A. Malo amodzimodzi, mayina anayi. Mawu akuti klefu anachokera ku Chifalansa, ndipo amatanthauza mfungulo. Popanda iye nyumba yonse ndi yotseka.

Chimene chimandikondweretsa n'chakuti klefu sabisa chimene ali. Wa sopulano uja, wopindikapindika ngati mphonda yoyanga, ndi chilembo cha G chomwe manja a alembi anachipotokola kwa zaka mazanamazana. Mchira wake umazinga mzere wachiwiri kuchokera pansi, kunena kuti G ali apa. Wa besi ndi F, ndipo timadontho tiwiri tili kumanja kwake ndi totsalira pa mikono iwiri ya chilembocho. Tikupana mzere wachinayi, ndiwo F. Klefu amatchula noti imodzi yokha basi. Zina zonse umazipeza poyenda, mzere, mpata, mzere, mpata, monga momwe munthu wokulondolera njira amangokuuza kuti ukafika pa kachere uwerenge nyumba zitatu.

Nzeru imeneyi ili ndi mwini wake wodziwika. Guido, m'monke wa ku Italy amene anachoka ku Pomposa n'kukakhala ku Arezzo cha m'ma 1025, anatopa ndi kuona ana akutha zaka khumi akuloweza nyimbo za m'tchalitchi pongotsatira pakamwa pa mphunzitsi. Zizindikiro zolembera nyimbo zinalipo kale, koma zinkangoyandama pamwamba pa mawu, zokumbutsa munthu amene nyimboyo akuidziwa kale. Iye anazikhazika pa mizere ndi m'mipata, naika chilembo kumayambiriro, ndipo mzere wa F anaupaka utoto wofiira, wa C wachikasu. Ananena kuti mwa njirayi woimba akhoza kupsa m'chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo mbiri yake itafika ku Rome, Papa John XIX anamuitanitsa.

Bwanji F ndi C, osati zilembo zina? Apa m'pamene pali luso la munthuyu. Pokwera kuchoka pa noti kupita pa inzake, masitepe ambiri ndi ofanana, koma awiri ndi aafupi: kuchoka pa E kufika pa F, ndi kuchoka pa B kufika pa C. Pa kiyibodi mpomwe paja pamakhala mabatani awiri oyera ogundizana, opanda lakuda pakati. Aliyense amene anaphunzitsapo kwaya amadziwa kuti oimba amaterereka pomwepo, pa mi ndi fa, pa ti ndi do. Guido anapaka utoto malo oterera. Klefu anabadwa ngati chenjezo la khutu, n'chifukwa chake zimandiwawa ndikaona ana akuumirizidwa kuloweza kachiganizo ka Chingerezi komwe zilembo zake zoyamba zimapereka mayina a mizere. Mwana asenze chiyankhulo chachilendo, asenzenso mndandanda wa zilembo, khutu lake lili phee osapatsidwa ntchito. Akafika pa besi, kachiganizo kaja kamusocheretsa monga kanasocheretsera mnyamata wathu.

Ena amati vuto ndi solofa, kuti ndi ndodo ya anthu osaphunzira. Ndikukana. Solofa ndi mizere isanu ndi ana a bere limodzi, pakuti Guido yemweyo ndiye anayambitsa ut, re, mi, fa, sol, la. Ut anadzasanduka do patapita zaka mazana angapo. Ku England, Sarah Glover wa ku Norwich anaikonzanso njirayi kuti mpingo wonse uziimba, nafalitsa buku lake mu 1835, ndipo m'busa John Curwen anaitenga n'kuiwanditsa kuyambira m'ma 1840. Amishoni ndiwo anaoloka nayo nyanja. Inali yotsika mtengo, yosindikizika ndi zilembo wamba, yolembeka ndi choko pa bolodi lililonse. Enoch Sontonga analemba Nkosi Sikelel' iAfrika mu 1897 m'solofa yomweyi, ndipo chuni chake n'chimene abale athu a ku Zambia amaimirira nacho njo pa nyimbo ya fuko. Imeneyo si ndodo ya wopunduka.

Kungoti mayina awiriwa amagwira ntchito zosiyana. C, D, E ndi mayina a pa chitupa: A wa pamwamba pa C wapakati pa kiyibodi amanjenjemera maulendo 440 pa sekondi, kaya uli ku Zomba kaya ku Tokyo. Do, re, mi ndi mayina a ubale. Munthu mmodzi yemweyo ndi malume kwa uyu, ndi bambo kwa uyo, ndi mlamu kwa winayo, ndipo ukadziwa ubalewo umadziwa kakhalidwe koyenera pamaso pake. G naye ndi do m'nyimbo ina, so m'nyimbo ina, ndipo kukoma kwake m'khutu kumasintha. Woimba amafuna ubale. Woliza chida amafuna dzina la pa chitupa kuti adziwe poika chala. Kwaya ili ndi onse awiri.

Ngakhale mayina a pa chitupawo si kuti dziko lonse limagwirizana. Wophunzira nyimbo m'Chipwitikizi, monga ku Mozambique, akati dó akutanthauza C nthawi zonse, sasuntha ngati do wathu. Ku Germany B wathu amamutcha H, ndipo B wawo ndi amene ife timati B fulati, mpake Johann Sebastian Bach anatha kulemba dzina lake, B, A, C, H, ndi manotsi anayi.

Chimene mizere isanu imaposera solofa ndi maso. Pa solofa uyenera kuwerenga chilembo chilichonse kuti udziwe kumene chuni chikulowera. Pa mizere umachiona chikukwera chitunda, chikutsetsereka, alito akuyenda m'mbali mwa sopulano, besi akulowera kwina kuti akakumane kutsogolo. Usanatsegule pakamwa waona kale maonekedwe a nyimbo. Komanso pali zinthu zing'onozing'ono zomwe zimapulumutsa: kanambala ka 8 kolendewera kunsi kwa klefu wa G pa mizere ya atena kamawauza kuti aimbe okutevu imodzi pansi pa zomwe zalembedwa, asathyoke kukhosi pothamangitsa amayi.

Mlatho wochoka pa solofa kupita pa mizere ndi waufupi kuposa momwe timauopera, ndipo mkulu uja anaumanga tsiku lomwelo ndi nsonga ya pensulo. Anati pafupi ndi klefu pakakhala mashapu, womaliza kumanja ndiye ti. Pakakhala mafulati, womaliza ndiye fa. Ndi malo oterera omwe aja a Guido. Pepala lathu linali ndi fulati mmodzi, atakhala pa mzere wachiwiri wa besi. Mnyamata anaika chala pamenepo, nati fa, nayamba kukwera monong'ona: so, la, ti. Chala chinaima pa mzere wachinayi, pakati penipeni pa timadontho tiwiri ta klefu.

"Do," anatero, nadina F. Azibambo anakonza kukhosi, ndipo amayi anawapeza ali pamalo pawo.