"Kaya" ndi Abale Ake

Mlimi akayang'ana mitambo m'mwezi wa November, mbewu zili m'lichero, mnansi wake namfunsa ngati mvula yagwayo ndi yobzalira, iye ayankha kuti, "Kaya." Sanavomere, ndiponso sanakane. Mtima wake waima pa mphambano. Kumeneko ndiko kukayika, ndipo dzina lake ndi chikayiko, limene mabuku osindikizidwa chisanafike chaka cha 1973 alilemba "cikayiko".

Tsono olemba makalata ambiri asokoneza mawu atatu ophuka pa tsinde limodzi. Kukayika kuli m'kati mwa munthu mwini wake. Kukayikitsa kuli pa chinthu: mlatho wa mitengo yofumbwa ukayikitsa wowoloka. Koma kukayikira kuli ndi mano, pakuti kuloza chala munthu wina. Mwamuna wogwira ntchito ku Joni akalembera mkazi wake kuti, "Ndikayika ngati ndidzabwera chaka chino," mkaziyo angodandaula napita kumunda. Akalemba kuti, "Ndikukayikira," usiku womwewo ankhoswe aitanidwa, chifukwa mkazi wamva kuti aganiziridwa zoipa. Zilembo zosiyanitsa mawu awiriwa nzowerengeka, komatu banja likhoza kupasuka nazo.

Ngakhale "kaya" yemweyo sakhala ndi nkhope imodzi. Mtsikana wotumidwa kumtondo dzuwa litapendeka akati, "Kaya, agogo," wakana mwaulemu. Munthu akauza mnzake kuti, "Kaya zako izo," wataya nkhaniyo, ndipo palibe chikayiko m'menemo. Pabwalo la milandu mpamene pafunika khutu lakuthwa: mboni ikati "kaya", mlembi nalemba "iyayi", waiika m'kamwa mawu amene sinanene, ndipo wosalakwa akhoza kulipa mbuzi.

Nanga mawu otsutsana ndi kukayika ndi ati? Ambiri afulumira kutchula kudziwa, koma yankho limenelo ndi losakwanira. Mlendo amene sanamvepo za ng'ona za mu Shire sadziwa kanthu, chonsecho alowa m'madzi wosakayika. Wokayika ndiye wodziwa pang'ono. Chifukwa chake mdani weniweni wa kukayika ndiye kutsimikiza; wa kukayikira ndiye kukhulupirira; ndipo "kaya" atonthozedwa ndi "ndithu".

Kuzengereza nakonso kusaikidwe m'dengu limodzi ndi kukayika. Wozengereza adziwa choyenera kuchita, koma ulesi wamgwira miyendo. Mwambi uja wakuti mapanga awiri avumbwitsa udzudzula munthu wothamangira uku ndi uko mvula ili kugwa. Sunena mlimi wosunga mbewu zake kufikira nthaka itanyowa bwino. Olemba nthano amene aponya mwambiwu pa wokayika aliyense aulakwira.

Wowerenga wopita ku Rumphi kapena ku Mzimba asadabwe akamva munthu ali kunena kuti apita "kukaya". M'Chitumbuka mawuwo atanthauza kumudzi, ndipo woteroyo adziwa bwino lomwe kumene alinkupita.