Mu The Chrysalids, ine chisoni changa chili pa Anne

Anzanga, sabata ino tiyeni tione The Chrysalids, buku la John Wyndham la mu 1955. Amene simunaliwerenge mundikhululukire, ndiulula zambiri.

Nkhani yake ikuchitikira ku Labrador, patapita zaka zambirimbiri dziko litawonongeka. Anthu otsala m'mudzi wa Waknuk amaopa chilichonse chobadwa mosiyana ndi zinzake. Mbewu zotere amazitentha, ziweto amazipha, munthu amamupirikitsira kutchire. Sophie, mnzake wa David Strorm, mlandu wake ndi zala zisanu ndi chimodzi kuphazi, basi.

Ambirife timathera pomwepa: mudzi ndi woipa, abwino ndi David ndi kagulu kake ka achinyamata amene amalankhulana m'maganizo osatsegula pakamwa. Koma taganizirani za Anne.

Anne ndi mmodzi wa kaguluko, koma zimene iye akufuna ndi zomwe mtsikana aliyense wa ku Waknuk amafuna: banja, ana, khomo lakelake. Wakonda Alan, mwana wa wosula zitsulo, yemwe uja anaulula za Sophie. Anzake akumuletsa. Ndipo zifukwa zawo n'zomveka ndithu, chifukwa Alan akangodziwa chinsinsi chawo, onse apita. Koma mwaona zomwe zachitika? Ana othawa lamulo la mudzi aika lawo lamulo, ndipo akulankhula ngati akuluakulu a mudzi omwewo: ukachita zofuna mtima wako, utiphetsa tonse. Anne akuwatsekera maganizo ake n'kukwatiwa. Axel, amalume ake a David, munthu amene tonse timamukonda m'bukuli, akufika pomufunsa David mozungulira ngati sikungakhale bwino kuti Anne achotsedwe. David akukana. Pambuyo pake Alan akupezeka wafa ndi muvi, ndipo patsogolo tikumva kuti woponya muviwo ndi Axel yemweyo.

Apa ndi pamene ndimamutayira kamtengo Wyndham. Mtsikana wosamvera gulu samutenga ngati chitsiru, komanso oopa kufa sawasandutsa afiti. Kumene ndimakangana naye ndi kumathero. Mayi wa ku Sealand akubwera pa chombo chouluka kudzapulumutsa David, Rosalind ndi Petra, akupha khamu lonse lomwe limamenyana pansi, kenako n'kufotokoza mosatekeseka kuti mtundu watsopano uyenera kulowa m'malo mwa wakale. Eti chipulumutso chimenecho? Ine ndikumva mawu a Joseph Strorm, bambo ake a David, atangovala malaya ena. Sindikhulupirira kuti bukuli likumufunsa mayiyu mokwanira.

Anne ndiye sakufika n'komwe kumeneko. Poganiza kuti anzake ndiwo amuphera mwamuna, akudzimangirira, atasiya kalata yowaneneza onse kwa mkulu woyendera. Kalatayo ikugwera m'manja mwa Rachel, m'bale wake weniweni, yemwenso ndi wa m'kaguluko. Rachel akuiwerenga n'kuitentha. Inu powerenga pamenepa munapumira m'mwamba, si choncho? Inenso.