Khutu la John Peel ndi luso lofukula nyimbo zatsopano

Kuyambira mu July 2015, makampani a nyimbo pa dziko lonse adapangana kuti zimbale zatsopano zizituluka Lachisanu. Likafika tsikuli, wokonda nyimbo za rock akatsegula foni amapeza mayina a magulu oimba amene sadawamvepo chibadwire, ndipo sabata ikangotha pamabwera enanso. Owerengera za malonda a nyimbo amati nyimbo zoposa 100,000 zimalowa pa Spotify ndi malo ena otere tsiku lililonse. Palibe khutu limene lingamalize mulu woterewu. Payenera kukhala wina woyamba kumvera, wosankha, kenako wokodola anzake kuti dzamveni iyi. Ambiri ntchito imeneyi amaiyesa mwayi, ena amati ndi nkhani ya zokonda za munthu basi. Ine ndikuti ndi luso lophunzirika, lokhala ndi mwambo wake, ndipo amene adalisonyeza poyera kwa zaka 37 ndi muulutsi wa ku England, John Peel, amene adagwira ntchito pa wailesi ya BBC Radio 1 kuchokera mu 1967 mpaka pamene adamwalira mu October 2004.

Nyimbo zimene adazisamala kwambiri zili ndi chiyambi chodziwika. Mu January 1977 gulu la Buzzcocks la ku Manchester lidabwereka ndalama kwa abale ndi abwenzi, lidajambula nyimbo zinayi, n'kuzitulutsa lokha pa kambale kotchedwa Spiral Scratch, osagwadira kampani yaikulu iliyonse. Kuseri kwa chikuto adalembako kuti nyimbo iliyonse adaijambula kangati, pofuna kuti achinyamata anzawo aone kuti ntchitoyi si yamatsenga. Achinyamatawo adaonadi. Timakampani tating'ono tidamera paliponse: Rough Trade ku London, Factory ku Manchester, Postcard ku Glasgow, Good Vibrations ku Belfast. Nyimbo zimene lero timazitcha indie zidakulira m'manja mwa timakampani timeneti. Timakampani tonseti tidali ndi vuto limodzi. Tidalibe ndalama zolembera anthu onyengerera mawailesi, pamene mapulogalamu a masana ankatsata mndandanda wa nyimbo wosankhidwa ndi akuluakulu. Peel ankalowa pa wailesi usiku, ndipo zoulutsa ankasankha yekha. Kwa gulu lopanda dzina, khomo lotsegula lidali lakelo.

Mbali yoyamba ya luso lake idali kumvera nyimbo mbiri yake isanamveke. Makaseti ndi timbale zinkabwera pa positi m'matumba, iye n'kumazimvera kunyumba ndi m'galimoto momwe. Mu 1978 anyamata asanu a ku Derry, mzinda umene panthawiyo unkamveka ndi mabomba ndi asilikali, adatulutsa nyimbo ya Teenage Kicks. Gululo ndi The Undertones. Peel adaiulutsa, itangotha adaibwezanso pomwepo. Seymour Stein, mkulu wa kampani ya Sire, adaimva pa wailesi, ndipo pasanapite nthawi gululo lidasaina naye mgwirizano. Kodi Peel adamvamo chiyani? Nyimboyo siikwana mphindi zitatu. Ng'oma zimatsegula, magitala awiri amalowera pamodzi mwaukali, ndipo makodi ake ndi ochepa oti wophunzira gitala angawagwire msanga. Koma pamwamba pa phokosolo pali mawu a Feargal Sharkey, opyapyala, onjenjemera kumapeto kwa mzere uliwonse. Magitala akudzitama, mawu akuulula mantha a mnyamata amene wasirira mtsikana. Moyo wa nyimboyo uli pa kusemphana kumeneko.

Apa pali phunziro kwa aliyense womvera gulu latsopano. Kaseti yojambulidwa motchipa imakhala ndi mluzu, besi yomira, ng'oma zomveka ngati zili m'chipinda china. Zonsezo ndalama imakonza. Chofunika kuchitchera khutu ndi chinthu chimodzi chimene gululo likuchita mwa lokha, mwina osadziwa n'komwe: woimba wofika mochedwa pang'ono pa kugunda kwa ng'oma, gitala wokana kutsata njira imene khutu layembekezera, mawu onena chinthu chimene ena amachita nacho manyazi. Chikasowa chimenecho, situdiyo yodula siingachibweretse. Mu 1981 Jarvis Cocker, ali mnyamata wa sukulu ku Sheffield, adapatsa Peel kaseti ya gulu lake la Pulp, ndipo gululo lidaitanidwa kukajambula ku BBC chaka chomwecho. Kutchuka kwenikweni kudadza mu 1995 ndi nyimbo ya Common People. Khutu lidamva kanthu zaka 14 msika usanavomereze.

Mbali yachiwiri idali kajambulidwe ka ku Maida Vale, imene panthawiyo idali nyumba ya masitudiyo a BBC ku London. Chiyambi chake chidali lamulo. Bungwe la oimba ndi eni zimbale ankachepetsa maola amene BBC inkaloledwa kuulutsa nyimbo za pa mbale, choncho wailesiyo inkayenera kujambula yokha nyimbo zina. Peel ndi womuthandiza wake John Walters adasandutsa chopingacho kukhala chida. Gulu linkapatsidwa tsiku limodzi, kawirikawiri kuti lijambule nyimbo zinayi. M'zaka zonsezo mwambo umenewu udachitika koposa ka 4,000. Tsiku limodzi silipereka mpata wobisa chilichonse. Woimba sangabwereze mzere mpaka utasalala, wa ng'oma sangakonzeredwe kugunda kulikonse, ndipo nyimbo imamveka momwe anthu anayi kapena atatu amaiimbira akayang'anizana m'chipinda chimodzi.

Yerekezani zimbale ziwiri za The Smiths za mu 1984. Chimbale chawo choyamba chidajambulidwa mosamala, ndipo m'malo ena chimamveka cholemera miyendo. Hatful of Hollow, chimene chidasonkhanitsa zambiri zojambulidwa ku BBC, chili ndi nyimbo zina zomwezo zikuyenda mopepuka: gitala la Johnny Marr likumveka chingwe chilichonse, besi ya Andy Rourke ikuimba nyimbo yakeyake pansi. N'chifukwa chake okonda gululi ambiri amakonda chachiwirichi. Chimodzimodzi PJ Harvey, amene adafika ku Maida Vale mu 1991 ndi anzake awiri chimbale chake choyamba cha Dry chisanatuluke. Anthu atatu okha, ndipo m'malo mothira zida zambiri ankasiya mipata, nyimbo n'kumatsika mpaka kunong'ona isanaphulike. Omvera adamudziwa ali wotero, asanavekedwe chilichonse.

Kufukula gulu sikutha tsiku limodzi. The Fall, gulu la Mark E. Smith, lidajambulira Peel ka 24 kuchokera mu 1978 mpaka 2004. Oimba ankalowa ndi kutuluka, kaimbidwe kankasintha, zimbale zina zinkakhala zofooka, koma Peel ankabwererabe kukamva chimene achita ulendo uno. Wosaka nyimbo amene amangothamangira dzina latsopano sabata iliyonse amaphonya chinthu chokoma kwambiri, chomwe ndi kumva gulu likukula, likusochera, likupezanso njira.

Mbali yachitatu, imene ine ndimaiona kuti ndiyo yaikulu, idali kasanjidwe ka nyimbo. Pa pulogalamu imodzi munkatha kumva punk, kenako reggae ya Misty in Roots, kenako Napalm Death ndi nyimbo zawo za masekondi ochepa, kenako mbale yakale ya blues. Sankalankhula nyimbo ili mkati. Ankaisiya iyambe yokha, ithe yokha, ndipo itatha ankangotchula dzina la gulu ndi kampani. Kusakaniza kumeneku kudali ndi cholinga. Khutu limene langomva magitala a ku Manchester limamva mwatsopano likakumana ndi magitala a ku Harare. Mu 1986 Peel ndi mnzake Andy Kershaw adayamba kuulutsa Bhundu Boys a ku Zimbabwe, ndipo ana a ku Britain okonda indie adamva magitala awiri akulukana mothamanga, opanda chowonjezera mawu, ng'oma zikukankha osapuma. Adazindikira kuti zimene ankazifuna m'magulu awo zidali kale mu jit, kaimbidwe ka Bhundu Boys. Paja akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. The Four Brothers, a ku Zimbabwe komweko, adajambulira Peel kanayi ndipo adaimba pa phwando lake lokwanitsa zaka 50 mu 1989.

Nkhani ya Bhundu Boys ikusonyezanso chimene chimatayika luso limeneli likasowa. Chimbale cha Shabini chidachokera ku Shed Studios ku Harare, chowuma ndi chamoyo. Mu 1987 gululo lidasaina ndi kampani yaikulu ya WEA, lidatsegulira Madonna ku Wembley, n'kutulutsa True Jit, chimbale chosalazidwa kuti chikomere msika waukulu. Omvera akale adakhumudwa, ndipo atsopano sadabwere mwaunyinji umene kampaniyo inkayembekezera. Chimene chidakopa anthu poyamba ndicho chidachotsedwa pofuna kukopa ochuluka.

Peel adali ndi zofooka, ndipo ndemanga yoona iyenera kuzitchula. Gulu likatchuka, nthawi zambiri ankalitaya, ngakhale nyimbo zake zikadali zabwino. Mphamvu yochuluka chonchi m'khutu la munthu mmodzi idatanthauza kuti gulu limene iye sadalikonde linkasowa kolowera. Ngakhale omvera ake sadamutsate konse kumene ankapita: pa mavoti a pachaka a Festive Fifty, amene adayamba mu 1976, ankasankhabe magulu a anyamata achizungu a magitala, iye n'kumadandaula poyera. Pa moyo wake palinso chosabisika: ali ku Texas mu 1965 adakwatira mtsikana wa zaka 15, ndipo khutu lakuthwa silifafaniza zimenezo. Chotengera kwa iye ndi njira yomvera, yomwe siili ya munthu mmodzi.

Lero ntchito yosankha yambiri ili m'manja mwa makina. Spotify idayambitsa Discover Weekly mu 2015 ndi Release Radar mu 2016, mindandanda yopangidwira munthu aliyense payekha. Makinawa amayang'ana zimene mwamvera, amafunafuna anthu ena omvera zofanana, n'kukupatsani zimene anthuwo akonda. Amathandiza ndithu, ndipo afikitsa magulu ang'onoang'ono kumayiko amene positi sikadawafikitsa. Koma maziko ake ndi kufanana, pamene maziko a Peel adali kudabwitsa. Makina amaona kudumpha nyimbo ngati chizindikiro choti alakwitsa, ndiye ulendo wotsatira amakupatsani chofewa. Munthu wosankha amatha kukuumirizani nyimbo imene mwaida lero, podziwa kuti mwina mudzaimvetsa mukaimva kachitatu. Palinso lamulo loti nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa ikadutsa masekondi 30, ndipo limeneli limakankha olemba nyimbo kuti aike zokoma zonse kumayambiriro. Nyimbo ya rock yofuna mphindi ziwiri kuti itenthe imavutika pa msika woterewu.

Komabe mwambowu sudafe. Ku Streatham, kumwera kwa London, wojambula nyimbo Dan Carey ndi anzake adayambitsa kampani ya Speedy Wunderground mu 2013 ndi malamulo olembedwa: kujambula kuthe tsiku limodzi pasanafike pakati pa usiku, kusakaniza mawu kuchitike tsiku lotsatira, ndipo timbale tisindikizidwe 250. Kumeneko ndiko kudatulukira nyimbo zoyamba za black midi mu 2018 ndi Black Country, New Road mu 2019, magulu amene nyimbo zawo zimasintha liwiro mwadzidzidzi ndipo sizifulumira kusangalatsa munthu. Wailesi ya KEXP ya ku Seattle imajambula magulu akuimba pamodzi m'chipinda n'kuika pa YouTube. Pa Bandcamp, imene idayamba mu 2008, munthu amagula chimbale kwa oimba eni ake ndipo amatha kuona zimene ogula anzake asonkhanitsa. Ndipo ku Niger, nyimbo za Mdou Moctar zinkayenda pa Bluetooth ndi m'makadi a foni, munthu kupatsira mnzake, mpaka Christopher Kirkley adaikako imodzi pa chimbale chosonkhanitsa mu 2011. Patapita zaka khumi, Afrique Victime idatuluka pa kampani ya Matador ngati chimodzi mwa zimbale za gitala zotamandidwa kwambiri m'chaka cha 2021. Pa njira zonsezi pali munthu amene adamva, adakhulupirira khutu lake, n'kupereka kwa wina.

Luso limeneli lili pafupi ndi aliyense, kaya ndi muulutsi amene oimba achinyamata amamutumizira nyimbo pa WhatsApp, kaya ndi womvera wamba. Sankhani chimbale cha gulu limene simukulidziwa, muchimvere chonse motsatira ndondomeko imene eni ake adachisanjira, musanawerenge zimene ena alemba. Chikakukwiyitsani, dzifunseni ngati chalephera kapena changokana kuchita zimene mudazolowera, pakuti ziwirizi zimamveka mofanana ulendo woyamba. Werengani dzina la wojambula ndi la kampani, chifukwa mayina amenewo amatsogolera ku magulu ena. Funani pamene gululo likuimba pamaso pa anthu, mumve ngati nyimbo ikuima yokha. Mukapeza chinthu chamoyo, chitchuleni dzina kwa mnzanu, ndipo ngati mungathe chigulireni. Gulu latsopano limafika pa chimbale chachiwiri chifukwa cha anthu mazana ochepa amene adamvetsera choyamba mpaka kumapeto, ndipo kukhala mmodzi wa anthu amenewo ndi ntchito yoyenera kuigwira mosamala.