Mwana Akagonjetsa Akulu: Za Nthano ya Tenisi ya ku Japan

Pakati pa nthano zazithunzi zimene Ajapani amazitcha manga, pali ina imene yakoka mitima ya achinyamata a m'maiko ambiri kwa zaka zoposa makumi aŵiri. Dzina lake m'Chingelezi ndi The Prince of Tennis, ndipo anailemba ndi kuijambula ndi Takeshi Konomi. Inkatuluka sabata ndi sabata m'magazini ya Weekly Shōnen Jump kuyambira 1999 mpaka 2008, nidzaza mabuku 42, ndipo mu 2001 inasanduka katuni ya pa wailesi yakanema. Tsono popeza makatuni a ku Japan ayamba kufika ndi kwathu kuno ku Neno kudzera m'mafoni, nkoyenera kufunsa: kodi mwana wa ku Lisungwi kapena ku Matope, amene mpira wake ndi wachikulunga kapena ntchemberembaye, angakondwere ndi chiyani m'nkhani ya maseŵera achilendo chotere?

Ryoma Echizen, mnyamata wa zaka 12, wangobwera kuchokera ku America kumene anapambana mipikisano ya ana, naloŵa sukulu ya Seishun Gakuen ku Tokyo. Mwambo wa gulu la tenisi pasukulupo ngwakuti oyamba kumene ntchito yawo nkutola mipira. Koma pali mwambo winanso, umene ine ndiyesa kuti ndiwo mtima wa nthano yonseyi: mwezi ndi mwezi anyamata amapikisana okhaokha kulimbirana malo asanu ndi atatu a oimira sukulu. Pabwalo paja safunsa zaka za munthu. Wopambana avala malaya a sukulu, wogonja avula.

Aliyense amene anaphunzirako sukulu yogonera konko adziŵa misozi ya mwana wa Fomu 1, wochapa zovala za akulu ndi kulandidwa ndiwo. Konomi sabisa zotere. Mnyamata wina wa chaka chachiŵiri abisira Ryoma zomenyera mpira zake namsiyira chakale chothaitha, koma Ryoma amgonjetsa nacho chomwecho. Mtsogoleri wa gululo, Tezuka, nayenso anavulazidwa chigongono ali m'chaka choyamba pamene wamkulu wina wansanje anammenya ndi chomenyera mpira. Atakula iye sanabwezere pa ang'onoang'ono, ndipo ndiye amene analola Ryoma kuloŵa mpikisano nthaŵi yake isanakwane. Apa mwana aona chinthu chimene amachilakalaka mumtima: malo pamene luso lake lingaonekere popanda wina kumuuza kuti akhale chete poti ngwadzulodzulo.

Komabe, oŵerenga okondedwa, munthu amene andigwira mtima koposa ndi Inui, wa chaka chachitatu, amene ataya malo ake mwana uja atangofika. Ambirife tikanasiya maseŵerawo ndi kuyamba miseche. Iye atenga kope lake, nalemba mphamvu ndi zofooka za mnzake aliyense, nakonza ndondomeko yolimbitsira thupi gulu lonse kuphatikizapo amene anamgonjetsa, nawasakanizira chakumwa chamasamba choipa kukoma chimene chasanduka nthabwala ya nthanoyi. Kumbali akudzikonzekera mwakachetechete, mpaka tsiku lina alanda malo ake pabwalo pomwepo, moonekera kwa onse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Pojambula mkulu amene wagonja kwa mwana osataya ulemu wake, Konomi wachita chinthu chovuta kuposa kujambula ngwazi.

Sikuti zonse nzoyamikika ayi. Pa mpikisano wa chigawo cha Kanto, Tezuka apitiriza kuseŵera ndi Atobe wa sukulu ya Hyotei pheŵa lake litavulala, ndipo wolembayo afuna kuti tiombe m'manja. Ine manja anga akana. Mwana wa zaka 14 kapena 15 wodziwononga thupi chifukwa cha chikho afunika wamkulu womuletsa, ndipo mphunzitsi wawo, mayi wokalamba Ryuzaki, anali pomwepo. M'mabuku akumapeto tenisi yeniyeni izimirira. Anyamata amenya mipira yonga yamatsenga, ena mpaka kuchititsa anzawo khungu, kotero kuti thukuta lija tinalikhulupirira poyamba lichepa mtengo. Atsikana nawo kaŵirikaŵiri angoima kunja kwa mpanda kuchemerera, ngakhale kuti nthano ina ya tenisi, Ace o Nerae! ya Sumika Yamamoto, inaika mtsikana pakati pa bwalo kale mu 1973.

Ndipo tisaiŵale kuti Ryoma anabadwira pabwino. Bambo wake Nanjiro anali katswiri wotchuka, ndipo kukachisi wa Chibuda kumene akukhala kuli bwalo pamene aŵiriwo amaseŵera tsiku ndi tsiku. Mwana woyenda mtunda wautali m'mapiri a Neno kupita ku sekondale yoyendera sangadzione mwa iyeyu. Mbale wake weniweni ali m'nthano ina, Baby Steps ya Hikaru Katsuki, imene inatuluka kuyambira 2007 mpaka 2017. M'menemo Eiichiro Maruo ayamba tenisi mochedwa, ali kale kusekondale, wopanda bambo katswiri, ndipo akaluza amakhala pansi nkulemba m'kope pamene mpira uliwonse unagwera.