Mnyamata Wopindika M'malo Asanu ndi Atatu

Munthu amayamba atakhala pansi pamkeka, miyendo ataitambasula. Amanyamula mwendo wakumanja ndi manja onse awiri n'kuukoleka pamkono wakumanja, pamwamba penipeni pafupi ndi phewa, monga timakolekera lamba wa chikwama. Kenako amayala zikhatho pansi, china uku china uku, m'mbali mwa chiuno. Mwendo wakumanzere umadutsa kutsogolo, akakolo awiri n'kukolana. Mpaka apa, aliyense wofewa m'chiuno angakwanitse. Ntchito yeniyeni imayamba akakankha pansi ndi zikhatho, matako n'kunyamuka. Miyendo yokolanayo amaiwongolera kumanja itapana mkono pakati, zigongono n'kupinda, chifuwa n'kutsikira kutsogolo mpaka kulingana ndi pansi. Thupi lonse limakhala m'malere, litagona chammbali, ndipo chokhudza nthaka ndi zikhatho ziwiri basi.

Kakhalidwe kameneka m'maseŵera a yoga amakatcha Astavakrasana. M'chinenero cha Sanskrit, ashta ndi 8, vakra ndi chokhota kapena chopindika, ndipo asana ndi kakhalidwe ka thupi.

Woonerera amaganiza kuti nkhani yagona pa mphamvu za mikono. Mphamvuzo zimafunika ndithu, koma anyamata ambiri amene amanyamula zitsulo amalephera pomwe mayi wochepa thupi akukwanitsa mosavutika. Chinsinsi chili pa kagawidwe ka kulemera, monga pa sikelo ya kumsika. Miyendo ndi yolemera, ndipo ikapita kumanja, chiuno n'kubwerera kumbuyo pang'ono, imafuna china choilipira mbali inayo. Cholipiracho ndi mutu ndi chifuwa. Choncho munthu ayenera kuponya nkhope yake kutsogolo, kumene mtima wake ukumuuza kuti akamenyetsa mphuno pansi. Ophunzira ambiri amakakamira pomwepa kwa miyezi. Amadzutsa mutu chifukwa cha mantha, chiuno n'kulemera, n'kugwa chagada. Amene wadziŵa amalola chifuwa kupitirira zala zake, ndipo pa kamphindi kena miyendo imapepuka yokha ngati wina waichotsera katundu.

Zala nazo zimagwira ntchito imene maso a mlendo saiona. Thupi likapitirira kutsogolo, nsonga za zala zimakanikiza pansi n'kulibweza. Likabwerera kwambiri, kunsi kwa chikhatho kumalandira. Ndiye ngakhale munthuyo amaoneka kuti wangoti zii, manja ake amakhala akukonza tolakwika ting'onoting'ono kosalekeza, monga khosi la mayi wosenza ndowa yodzaza limachitira popanda iye kuliganizira. Ntchafu zimafinya mkono mwamphamvu, chifukwa zikangotayirira mwendo umatsetsereka kuchoka paphewa. Phewa lakumanja, limene lasenza mwendo, limafuna kugwa, ndipo mmisiri weniweni mumamudziŵira pamenepa: mapewa ake onse awiri amakhala pa mzere umodzi, osatsika kupitirira zigongono. Akalola kuti atsike, mfundo ya phewa ndi ya dzanja ndizo zimalipira. Akatha mbali iyi amatsika, n'kuyambiranso kumanzere, ndipo pafupifupi aliyense ali ndi mbali imene imamukana.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi mpweya. Wongoyamba kumene amaubanika, nkhope n'kutupa, mitsempha ya m'khosi n'kuima. Wozoloŵera amapuma kudzera m'mphuno mwakachetechete, nsagwada zili zomasuka, maso akuyang'ana malo amodzi patsogolo pake. Patanjali, amene anasonkhanitsa ziphunzitso za yoga kalekale, sananene zambiri za kakhalidwe ka thupi, koma anafuna zinthu ziwiri pamodzi, kukhazikika ndi kumasuka. Pa Astavakrasana simungabise ngati chimodzi chikusoŵa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano kudekhako kumamveka ndi makutu, m'kapumidwe ka munthuyo.

Dzinali linachokera kwa munthu. Nkhani ya Ashtavakra ili m'buku lalikulu la Amwenye la Mahabharata. Bambo ake, Kahoda, anali wophunzira wa Uddalaka ndipo anakwatira mwana wa mphunzitsi wakeyo, Sujata. Tsiku lina Kahoda akulakatula malemba opatulika a Veda, mwana ali m'mimba anamudzudzula kuti akulakwitsa. Bamboyo anachita manyazi n'kupsa mtima, ndipo anatemberera mwana wake wosabadwayo kuti adzabadwe wopindika m'malo 8. Zinachitikadi. Pambuyo pake Kahoda anapita kubwalo la mfumu Janaka kukafuna chuma, koma anagonja pamtsutso ndi katswiri wotchedwa Vandin, amene ankamiza m'madzi aliyense womugonjera. Mnyamatayo anakula akuyesa agogo ake ndiwo bambo ake. Atamva zoona, anauyamba ulendo wa kwa Janaka. Mlonda wa pachipata anamukaniza poti ndi mwana, iye n'kumutsutsa kuti ukulu suli m'imvi. Mtsutso wake ndi Vandin unali wa manambala: wina atchule zinthu zimene zimakhala chimodzichimodzi, mnzake ayankhe ndi za ziwiriziwiri, choncho kumakwera. Atafika pa 13 Vandin anakakamira pakati, mnyamata uja n'kumumalizira. Vandin atagonja, Kahoda anabwezedwa wamoyo kuchokera m'madzi muja, ndipo anauza mwana wake kuti aloŵe mumtsinje wa Samanga, mmene anatuluka ataongoka.

Pali nthano ina yofala pakamwa pa aphunzitsi, yoti nduna za Janaka zinamuseka Ashtavakra poona kayendedwe kake, iye n'kuseka kuposa iwo, ati ankayesa wafika pakati pa anzeru koma wapeza osoka nsapato, anthu oyesa munthu poona chikopa. Dzina lake lilinso pa buku la Ashtavakra Gita, mmene akuphunzitsa Janaka kuti munthu weniweni si thupi, ndi mboni imene imangoona zonse osakhudzidwa. Pali choseketsa pang'ono apa. Mphunzitsi amene anati thupi si iwe, akukumbukiridwa ndi kakhalidwe kofuna thupi lonse, kuyambira ku zala zam'manja mpaka ku zidendene. Koma amene anayesapo amadziŵa kuti ziwirizi zimakumana. Mukangoyamba kudzifunsa kuti kodi ndikuoneka bwanji, kodi akundiona, mumagwa nthawi yomweyo. Mumakhala m'mwamba pokhapokha mukangoona zimene zikuchitika, kunjenjemera kwa mkono, kutentha kwa m'mimba, osathamangira kuzithetsa.

Nkhani ya Ashtavakra ndi yakale, koma kakhalidweka kanafalikira posachedwa. Simukapeza m'buku la Hatha Yoga Pradipika la m'zaka za m'ma 1400. Dziko linakadziŵa makamaka kudzera m'buku la B.K.S. Iyengar la Light on Yoga, lotuluka mu 1966, lokhala ndi zithunzi pafupifupi 600 za iye mwini komanso mawu oyamba olembedwa ndi woimba vayolini Yehudi Menuhin. Iyengar anabadwa mu 1918 ku Bellur, ndipo ubwana wake unali wa matenda okhaokha: malungo, chifuwa chachikulu, taifodi. Mlamu wake, T. Krishnamacharya, anamutengera ku Mysore kukaphunzira yoga kuti mwina thupi lingalimbe. Mu 1937 anapita kukaphunzitsa ku Pune, kumene anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 95. Sindidabwa kuti munthu amene anakula akuonedwa ngati wosatha kanthu ndiye analemba nkhani ya mnyamata wopindika pafupi ndi malangizo a poika manja.

Ine mathero a ku mtsinje wa Samanga sandikhutiritsa kwenikweni. Amakhala ngati akunena kuti mphoto ya nzeru ndi kufanana ndi ena onse. Amene anapatsa kakhalidweka dzina anasankha bwino koposa. Sanatenge Ashtavakra wotuluka m'madzi ali chilili. Anatenga uja wa pachipata, asanachiritsidwe, amene anagonjetsa Vandin thupi lake likadali lokhota. Yang'anani munthu amene ali pa Astavakrasana: msana wapotoka, zigongono zapinda, miyendo yaloza kumene mutu sukupita, palibe mbali yofanana ndi inzake. Ndipo akangoyesa kuwongola chimodzi mwa zimenezi, kudzutsa chifuwa kapena kubweza miyendo pakati, amagwa pamkeka.