Woleretsa ndewu wogwira manja a m'modzi

Ndewu ikabuka pamudzi, woleretsa sasowa. Koma inunso mukudziwa kuti alipo woleretsa wina amene amathamangira kugwira manja a m'modzi yekha, winayo n'kumapitiriza kuponya zibakera. Ndewu ikatha, iye amalumbira kuti sanamenye munthu, ndipo sakunama ayi. Sabata ino tiyeni tikambirane filimu ya The Siege of Jadotville, yomwe inatuluka mu 2016 pa Netflix, ndipo tiifunse kuti woleretsa amene ikutionetsayo ndi wa mtundu uti.

Nkhani yake inachitikadi. Mu September 1961, asilikali a ku Ireland pafupifupi 155, otumidwa ndi bungwe la United Nations, anazingidwa ku Jadotville m'chigawo cha Katanga ku Congo. Anamenya nkhondo masiku asanu motsogozedwa ndi Pat Quinlan, popanda ndi m'modzi yemwe wa iwo wophedwa, mpaka zipolopolo ndi madzi zinawathera ndipo anagonja. Atabwerera kwawo ananyozedwa kwa zaka zambiri ngati amantha. Filimuyi ikuwabwezera ulemu, ndipo apa yagwira ntchito. Jamie Dornan akusewera bwino ngati Quinlan, munthu wodziwa nkhondo ya m'mabuku amene akuiphunzira pamaso pathu. Mukamaonera, mtima umakhala m'mwamba.

Vuto lili pa zimene kamera yasiya kunja. Anthu a ku Congo m'filimumu amangothamanga kuchokera m'tchire, kuwomberedwa, n'kugwa. Ambiri alibe dzina, alibe mayi wowalira. Patrice Lumumba, mwini nkhani, amangooneka pang'ono kumayambiriro basi. Woonera amachoka akuganiza kuti cholakwa cha UN ku Congo chinali kutaya anyamata ake. Koma mlandu waukulu unachitika chaka chathunthu Jadotville isanazingidwe.

Taonani mmene zinayendera. Congo inalandira ufulu pa 30 June 1960. Pa 11 July, Moïse Tshombe analengeza kuti Katanga yadzipatula, ali ndi asilikali a Belgium komanso kampani ya migodi ya Union Minière kumbuyo kwake. Musaiwale kuti uranium wa bomba la ku Hiroshima, wambiri anakumbidwa ku Shinkolobwe, ku Katanga komweko. Lumumba ndiye anaitana UN. Asilikali anabwera, mpaka kufika pafupifupi 20,000, koma mkulu wa bungweli, Dag Hammarskjöld, anakana kuwagwiritsa ntchito pothetsa kudzipatula kwa Katanga, ati imeneyo ndi nkhani ya m'nyumba. Lumumba atatembenukira ku Soviet Union, a ku America anamuona ngati mdani.

Pa 5 September, pulezidenti Joseph Kasavubu anachotsa Lumumba pa mpando. Nthumwi ya UN, Andrew Cordier wa ku America, inatseka mabwalo a ndege ndi wailesi ya ku Léopoldville. Papepala lamuloli linali la onse. Koma Kasavubu anali ndi anzake kutsidya la mtsinje, ku Brazzaville, komwe mawu ake ankaulutsidwa. Lumumba, amene mphamvu yake inali pakamwa, anatsala wopanda pokambira, ndipo sakanatha kuitanitsa asilikali omumvera pa ndege. Manja ogwidwa aja ndi amenewa. Pa 17 January 1961 anaphedwa ku Katanga.

Ndiye ngati mukufuna nkhani yonse, sakani sewero la Aimé Césaire, mlakatuli wa ku Martinique, lotchedwa Une saison au Congo, la mu 1966. Lilipo m'Chingelezi. Césaire waika Hammarskjöld pa siteji ngati munthu wa mtima wabwino, wokhulupirira ndithu kuti alibe mbali, amene akuzindikira mochedwa kuti ena amugwiritsa ntchito. Izi n'zopweteka kuposa kumupanga chigawenga, chifukwa chigawenga timangochida n'kukagona. Munthu wabwino amene kusakondera kwake kwaphetsa mnzake amatisowetsa tulo. Komanso mwa Césaire anthu wamba a ku Congo amalankhula, amaseka m'mabala, ndipo woimba sansi amayendayenda akunena zimene akuluakulu akubisa.

Tisamuweruze mopitirira, Hammarskjöld. Nikita Khrushchev ankafuna achoke, mpando wake ugawidwe patatu. Pamene UN inayamba kulimbana ndi Katanga mu 1961, Britain ndi Belgium nawo anakwiya. Bungwe lilibe asilikali akeake, lilibe ndalama zakezake, ndipo mayiko asanu ali ndi mphamvu yokana chilichonse. Woleretsa wotere amadya kwa omenyanawo. Filimuyi ikukhudzako zimenezi, koma ikuzisandutsa nkhani ya andale amantha ndi asilikali olimba mtima, ngati kuti akanangosintha anthu zonse zikanayenda.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Ndege ya Hammarskjöld inagwa pa 18 September 1961 pafupi ndi Ndola, akupita kukakumana ndi Tshombe, nthawi imene Zambia ndi Malawi zinali m'chitaganya cha Roy Welensky, bwenzi la Katanga. Ndipo Congo sinatisiye. Mu November 2018 asilikali a Malawi asanu ndi m'modzi anafera pafupi ndi Beni atavala chipewa cha UN, kuphatikizapo Chancy Chitete amene anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania. Tsiku lina wina adzalemba nkhani yawo, mwina m'modzi wa inu pa gulu lino. Mukadzagwira cholembera, kulimba mtima kwawo mudzakulembe ndithu. Koma anthu a ku Beni mudzawapatse mayina, ndipo mudzafunse amene anatuma, amene analipira, ndi amene anapindula.

Filimuyi ioneni, kenako muwerenge Césaire. Mukatero tiuzeni m'munsimu kuti ndani mwa awiriwa wakuuzani zoona za woleretsa.