Mphepo Inalipo Kale, Nanga Laibulale Anatsegula Ndani?

Sabata yatha ndinaoneranso filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, kachitatu tsopano. Ulendo woyamba, itangotuluka pa Netflix mu 2019, ndinatanganidwa ndi kuseka Chichewa cha Chiwetel Ejiofor, monga tinachitira ambirife pa Facebook. Ulendo wachiwiri ndinalirira galu uja Khamba. Ulendo uno ndinaonera nditangomaliza buku lomwe William Kamkwamba analemba ndi Bryan Mealer mu 2009, ndipo funso limodzi landikakamira: mwana akathamangitsidwa pasukulu, amatsala naye ndani?

Kwa amene simunaonere, nkhani yake ndi iyi. William ndi mnyamata wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 mpaka 2002 itavuta, makolo ake analephera kumulipirira fizi ya ku sekondale, ndalama pafupifupi madola 80 pachaka. Ali ndi zaka 14 anapeza buku lotchedwa Using Energy, naona chithunzi cha makina oyendera mphepo, n'kuyamba kutolera zitsulo kudzala. Ndi njinga yakale, fani ya thirakitala, mapaipi apulasitiki ndi mitengo ya bulugama, anamanga makina ake omwe anatulutsa magetsi.

Ndiyambe ndi zomwe filimuyi yachita bwino, chifukwa zilipo ndithu. Ejiofor, yemwe analemba, kutsogolera komanso kusewera ngati bambo a William, wamvetsa kuti kusalidwa kumabwera pang'onopang'ono. Choyamba William avala yunifolomu yatsopano, banja lonse likunyadira. Kenaka ayamba kulowa m'kalasi mozemba. Kenaka atulutsidwa anzake akuona. Palibe amene akumuda. Aliyense akungotsatira lamulo, ndipo mwana akugwa aliyense manja ali m'thumba. Maxwell Simba, mnyamata wa ku Kenya amene akusewera William, amadziwa kuonetsa manyazi ndi mapewa okha, osayankhula kanthu.

Pamenepo ndinaimitsa filimu kaye. Ndili fomu 2 tinali ndi mnzathu wina yemwe masamu ankatiposa tonse. Mayina a osalipira akaitanidwa pa asembule, lake silinkasowa. Ife tinkaseka, eti, mpaka tinamupatsa dzina la chipongwe. Teremu yachitatu sanabwerenso. Palibe ngakhale mmodzi wa ife anapita kwawo kukafunsa, chonsecho unali mtunda wa theka la ola pa njinga. Mpaka lero sindinakumane nayenso. Choncho ndikamaonera William akutulutsidwa, ine sindidziona mwa iye ayi. Ndimadziona mwa ana aja atsala pa madesiki.

Tsono pali malo awiri pomwe filimu yasiyana ndi buku, ndipo onse awiri akukhudza mudzi.

Poyamba ndi nkhani ya laibulale. M'filimu, William alowa mu laibulale ya pasukulu pochita kuopseza mphunzitsi wake kuti aulula chibwenzi chomwe ali nacho ndi Annie, mchemwali wake. Ndi zokoma kuonera, zoona, mnyamata wochenjera kugonjetsa dongosolo. Koma m'buku sizinatero. Kalaibulale kaja kanali pa pulayimale ya Wimbe, mabuku ake anabwera kudzera m'ntchito ya Malawi Teacher Training Activity, ndipo mwana wosiya sukulu ankaloledwa kubwereka. Mayi Edith Sikelo, omwe ankayang'anira mabukuwo, ankamuthandiza mawu achingerezi akamuvuta. Kutereku chitseko chinali chotsegula kale, chifukwa anthu ena anaganiza kuti buku si la olipira fizi okha. Filimu yatenga ntchito ya anthu amenewa n'kuisandutsa kuchenjera kwa munthu mmodzi. Chimodzimodzi dayinamo: m'buku anamugulira ndi mnzake Gilbert, mwana wa amfumu, pomwe msuweni wake Geoffrey anamuthandizanso pantchitoyo.

Kachiwiri ndi mathero. M'filimu, bambo akapereka njinga yawo, anthu otsala m'mudzi agwirana manja, aimika nsanja, madzi atuluka pachitsime, mbewu zimera nthawi ya chilimwe. Misozi ndiye osanena. Koma makina oyamba a William anayatsa babu ndi wailesi kunyumba kwawo, zopopa madzi zinabwera patapita zaka, atapeza thandizo. Ndipo pomwe ankatolera zitsulo, anthu ambiri ankati mwanayu wapenga, ena n'kumati ndi chamba. Buku limafotokozanso kuti mvula itavutanso pambuyo pake, ena analoza chala makina omwewo kuti akuthamangitsa mitambo.

Onani tsono zomwe zachitika. Pomwe mudzi unathandizadi mwakachetechete, filimu yafufuta. Pomwe mudzi unamunyoza, filimu yautsuka n'kuupatsa chikondwerero. Mapeto ake timatuluka tikukhulupirira zinthu ziwiri zotipepukira: kuti mwana wanzeru adzadzipezera yekha njira, ndiponso kuti tsiku lalikulu likadzafika tonse tidzakhalapo kukoka chingwe. Zonsezi zimatimasula. Sitifunikanso kuchita kanthu Lachiwiri wamba, pomwe mwana wa aneba wangokhala pakhonde nthawi ya sukulu.

Mwina wina anena kuti, aaa, filimu ndi filimu, maola awiri sangakwane zonse. Ndikuvomera. Ndipo Ejiofor sanabise zonse zoipa za mudzi. Gawo lija amuna akugulitsa mitengo kwa a esiteti ya fodya, amfumu akuletsa koma osamvedwa, ndi limodzi mwa magawo amphamvu kwambiri. Anthu aja si opusa, akufuna ndalama lero, mavuto a mawa adzaona mawa lomwelo. Gawo lina ndi pomwe amfumu ayankhula za njala pamsonkhano wa pulezidenti n'kumenyedwa chifukwa cha mawu awo. Apa filimu ikunena zoona zowawa: kuuza anthu kuti atenge mbali pa chitukuko n'kosavuta, koma akatsegula pakamwa kunena chomwe chikuwapweteka, ndodo imakhala pafupi. Komanso m'gawo la njala tikuona anthu akuberana chimanga ndi kupondana pamzere. Umodzi womwe timaunyadira uja umatha msanga nkhokwe ikauma.

N'chifukwa chake mathero aja amandikhumudwitsa. Filimu yomwe yatisonyeza mosabisa kuti mudzi umasweka bwanji, ikanatisonyezanso moona kuti umamangika bwanji. Umamangika ndi tinthu tosaoneka bwino pa kamera: mayi wosunga makiyi a laibulale, mnzako wotulutsa ndalama yake yochepa, msuweni wogwira makwerero. Ngakhale kutchuka kwa William kunadzera mwa munthu. Dr. Hartford Mchazime ataona makina aja mu 2006 anabwera ndi atolankhani, nkhani inatuluka mu Daily Times, ndipo mu 2007 William anakayankhula ku TEDGlobal ku Arusha. Kenaka sukulu inatseguka mpaka anamaliza ku Dartmouth College mu 2014. Pakati pa kuthamangitsidwa ndi kubwerera m'kalasi panadutsa zaka pafupifupi zisanu. Zaka zimenezo filimu yazidumpha, koma ndi momwe ana ambiri amatayikira.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo mwambiwu timautchula pamsonkhano uliwonse wa chitukuko. Koma tikati chitukuko, ambirife timaganiza zoumba njerwa ndi kututa mchenga. Ndi kangati pomwe komiti ya VDC kapena ya makolo ndi aphunzitsi imakhala pansi n'kuwerenga mayina a ana omwe asowa m'kalasi teremu ino? Amayi a mother group m'sukulu zambiri amachita zimenezi, kuyenda khomo ndi khomo kulondola atsikana osiya sukulu, ndipo palibe amene adzawajambule filimu. Pulayimale inakhala yaulere mu 1994, koma aliyense wokulira kuno akudziwa kuti yunifolomu, njala ndi manyazi zimathamangitsa mwana ngakhale pomwe fizi palibe.

Ndiye kodi muonere? Eya, onerani, bundle yanu siipita pachabe. Lily Banda wasewera Annie mogwira mtima, ndipo nkhani ya mtsikana wanzeru amene akungodikira kunyumba ikanayenera filimu yakeyake. Kuona Kasungu ndi gule wamkulu pa sikirini yapadziko lonse kumakomanso. Koma mukamaliza, pezani bukulo, muwerenge ndi cholembera m'manja, muzilemba dzina la aliyense amene anamugwira William dzanja. Mudabwa kutalika kwa mndandandawo.

Ine ndayamba kufunsa anzanga a fomu 2 pa gulu lathu la WhatsApp ngati alipo akudziwa komwe kuli mnzathu uja. Awiri ayankha kuti akumukumbukira. Onse awiri akumbukira dzina lachipongwe lija, lenileni aiwala.